Chiganizo Chimene Ndinafufuta pa Nkhani ya Manyowa

Munali mu 2023, ndili ndi zaka 71, pamene ndinawotcha chimanga cha anthu popanda kuyatsa moto.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma ku Nsaru kuno panalibe wondiposa pa manyowa a Mbeya. Kalabu yathu ya alimi itatsegula tsamba pa intaneti, anati ndilembepo kapangidwe kake. Ndinalemba papepala, mlembi wathu mayi Nachisale n'kutayipa pafoni yawo.

Foniyo inali ndi kachipangizo koyeza nkhani. Ikakhala yovuta kuwerenga kamafiira, ikakhala yosavuta kamabiriwira. Yanga inafiira ngati tsabola.

"Akuti ziganizo zatalika, abambo," anatero mayiwo.

"Akutero ndani?"

"Makinawa. Musadandaule nawo, anawapangira Chingerezi. Mawu athu amawaona atali onse."

(Apa munthu wanzeru akanatenga njinga yake n'kumapita.) Koma ndinamva kuti nkhani ya a Kamwendo yoweta nkhuku inabiriwira. A Kamwendo, amene nkhuku zawo zimatha ndi chitopa chaka ndi chaka! Ine ndifiire?

Mayiwo atapita kukaanula mtedza, ndinatenga foni. Kutayipa sinditha, koma kufufuta ndi batani limodzi. Ndinachotsa moni. Kufiirabe. Ndinachotsa mbiri ya munda wanga. Kufiirabe. Kenaka ndinaona chiganizo chachitali kuposa zonse, chonena kuti mukasakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza, mumange m'thumba la pulasitiki masabata atatu kuti ziole, apo ayi zimatentha mbewu. Ndinati mlimi aliyense amadziwa zimenezo. Ndinadula theka lake lonse lonena za kudikira. Kanabiriwira.

"Tumizani," ndinatero mayiwo atabwera.

"Lamulo lathu ndi loti wina aiwerenge kaye, abambo. Sabata ino owunika ndi a Kamwendo."

"Nkhani yanga aiunike Kamwendo? Tumizani. Makina avomera kale."

Anandiyang'ana, n'kutumiza. (Ulemu wopatsa akulu nthawi zina umapweteka.)

Nkhaniyo inayenda pa WhatsApp mpaka ku Kabudula. Anthu anaiyamikira kuti njachidule. Ndinkayenda pamsika chifuwa chili patsogolo.

Mvula itakhazikika, alamu anga a Phiri anafika pakhomo atanyamula timapesi tofota, masamba ali gwaa ngati fodya wa m'chigafa. Moni sanapereke.

"Alamu, ndakubweretserani kubiriwira kwanu kuja."

"Simunadikire kuti aole?"

"Kudikira mwalemba pati? Ine ndinasakaniza m'mawa, masana n'kuthira."

Anandipatsa foni yawo. Ndinawerenga. Sakanizani. Thirani. Basi.

"Nkhani yanu njosavuta kumva, eti," anatero. "Ndinaimva kamodzin'kamodzi."

Mlongo wanga, mkazi wawo, sanandilankhule mpaka nthawi yokolola (ndipo sanakolole zambiri). Kalabu inakumana pansi pa mtengo wa mango. Mayi Nachisale anabwezera chiganizo chija, nkhani n'kufiiranso, ndipo ili chifiirire mpaka lero. Anthu akuitsatira bwinobwino.

Ena amati ndinaphunzirapo kudzichepetsa. Ayi. Ndinaphunzira kuti foni sinalimepo.

Zimene zinapita ndi izi: minda inayi ya chimanga, mbuzi yanga yaikazi yopepesera alamu, ndi udindo wanga wa mlimi wachitsanzo. Udindowo pano uli ndi a Kamwendo.