Bulu Amene Ananyamula Mawu a Nankhoma

Usiku wathawu ndinalota, anzanga. Mukudziwa kuti sindilankhulalankhula, koma lero ndilekeni ndinene.

Muyambe mwadziwa ichi. Chimwalirireni mkazi wanga Nankhoma, mawu ake ndi nkhope yake zinatsala pa zimbale: masidi a kwaya ya amayi, ndi madividi a maukwati. Zimbalezo zakandikakandika, zina zayamba kudumpha. Mwana wanga Ndaziona anati, "Ababa, bweretsani tikawotche zonsezi pa chimbale chimodzi chatsopano, cha bulureyi." Ndinati ayi. Kwathu munthu sitiwotcha. Anayesa kufotokoza, ine n'kutuluka panja.

Ndiye m'malotomo ndinali pa depoti, dzuwa lili paliwombo, jumbo ya zimbale ili m'manja. Ndiye sidi ina yakale inatsokomola m'jumbomo.

"A Chikhosi, ndigwireni bwino. Msana."

"Chimbale chili ndi msana?"

"Si umene mumaupukuta ndi malaya uja? Wathetheka."

Dividi inaseka. "Agogowa amangonyamula mawu basi. Ine ndimanyamula ndi nkhope zomwe, mpaka nyama ya paukwati."

"Khala chete," inatero sidi. "Nawenso dzana unaima pakati pa perekaniperekani, mkwatibwi ali kukamwa yasa."

Mwadzidzidzi wapolisi wapamsewu anaimika jumbo yanga ngati minibasi. Anasuzumira m'kati n'kupukusa mutu.

"Madala, galimoto zanu zatha. Anthu awa safika."

"Safika kuti?"

"Kwa zidzukulu."

Ndiye akulankhula choncho makutu ake anayamba kutalika, chipewa choyera n'kutsala chili pakhutu limodzi. Mkono wa yunifolomu unasanduka chiboda. Anali bulu, koma wa mtundu wa thambo kukacha bwino.

"Ndine Bulu Reyi," anatero. "Reyi ndi dzina la bambo anga. Ntchito yanga ndi kunyamula."



Ndiye depoti ija inasanduka munda wozungulira, wonyezimira, wokhala ndi una pakati. Mzere unali umodzi wokha, wochokera pa unapo n'kumazungulira, kuzungulira, mpaka m'malire. Bulu anayenda patsogolo ngati mlangizi.

"Uwu ndi munda wa agogo sidi. Onani mapando ake, akuluakulu, otalikirana. Munda wadzaza, mbewu n'zochepa. A dividi anathinitsako, koma amabzala ndi kuwala kofiira, kokhuthala ngati khasu. Kwanga n'kwa buluu, kosongoka ngati singano. Mapando anga simungawaone, mizere yanga nyerere siingapondepo. Ndipo pansi pa munda wangawu pali munda wina."

Anakweza nthaka ngati mphasa. Zoona, pansi panali munda wina, mizere ili yalayala.

"Tandikandani," anatero, akundipatsa msana.

Ndinakanda ndi chikhadabo. Palibe. Ndinakanda ndi kiyi. Palibe.

"Chikopa cholimba. Sindikunena kuti sindidzakalamba, koma malaya anuwo sangandithe. Ndiye tiwotche?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Ayi basi."

Mwadzidzidzi mawu anatuluka m'jumbo muja. "Bambo a Nda... a Nda... a Nda..." Ndinagwedeza jumboyo monga ndimachitira ndi wailesi, ndiye Nankhoma anatulukamo, atavala bulauzi yoyera ya kwaya. Pankhope pake panadutsa mzere wokandika, kuchokera pachipumi mpaka pachibwano. Akatembenuka, dzanja lina linkasowa.

"Bambo a Ndaziona, makani omwe aja mpaka lero?"

"Akufuna akuwotcheni."

"Moto wakewo mwauona?"

"Sindinauone."

"Ndiye mukukana chiyani?"

Anandigonjetsa. Zinkakhala choncho ngakhale ali moyo.

Ndiye bulu anatsegula diso limodzi, kuwala kwa buluu n'kutuluka, kowonda ngati ulusi. Ndinadumpha kuti ndimutchinge Nankhoma, kuwalako n'kundigunda pachifuwa. Kunali kozizira ngati madzi a m'mtsuko. Kunandidutsa, n'kuyamba kulemba timadontho pamsana pa bulu yemweyo. Utsi panalibe. Phulusa panalibe.

"Amawotcha chatsopanocho," inanong'ona sidi. "Ine amangondiwerenga. Mwanayo akadakuuzani mukadakhala pansi."

Mwadzidzidzi a Nankhoma anali awiri. Wina anaima pafupi nane, wina anakhala pamsana pa bulu, miyendo mbali imodzi. Mzere uja unalipo pankhope zonse ziwiri.

"Chimene chinatayika kale sindingachibweze," anatero bulu. "Koma chotsalachi sichitayikanso msanga."

Ndinayang'ana uyu, ndinayang'ana uyo. "Weniweni ndi uti?"

Anayankha pamodzi, wina mawu apamwamba, wina apansi. "Weniweni munakamugoneka nokha, munamuimbira. Ife ndife mawu ake chabe. Koma tisungeni pabwino, ana adzamve kuti agogo awo ankaimba."

Ndiye anthu anayamba kutuluka m'jumbo muja n'kumakwera. Kwaya yonse inakwera, ndi mayi uja amene ankayamba nyimbo nthawi isanakwane. Akwati anakwera, ankhoswe, tenti, mbuzi imene tinadya ija ili yamoyo. Bulu sanapindike msana. Sidi ndi dividi zinakhala pamthunzi n'kuwongola miyendo.

"Malo alipo!" anakuwa bulu. "Wina mmodzi, tinyamuke!"

Ndinakweza mwendo.

"Inu ayi," anatero Nankhoma, akundikankha pang'ono ndi phazi. "Tsikani. Malo otsalawa ndi a mwana amene Ndaziona akuyembekezera. Mukamujambule akuyamba kuyenda, mudzamuike pafupi ndi ine pano. Ndipo mukamete, mukuoneka ngati tchire."

Ndinagwira ndevu zanga. Ndinamva ndikuseka, koyamba chichokereni iye.

Ndiye kwaya inakoka mpweya kuti iyambe nyimbo, bulu naye anatukula mutu, n'kutsegula kukamwa kuti atsogolere, ndiye anakuwa kuti, "Makalaaa! Makala ouma!"

Ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera, ndipo wogulitsa makala anali ataimika njinga yake pageti, akuliza belu.