Tinsalu Tanga Togwira Utsi

Lolemba

Lero kusukulu kwabwera munthu! A Dokotala NyaManda. Si a kuchipatala ayi. Ntchito yawo ndi kufufuza mpweya umene timapuma ndi matenda amene umabweretsa. Mpweya, chinthu chosaoneka, munthu n'kuchiphunzira mpaka kumayiko akunja!

Ndipo ndi akonkuno, kwawo ku Bandawe. Atilonjera m'Chitonga. Ahedi, amene amatilimitsa udzu tikalankhula Chitonga, angoyang'ana nsapato zawo.

Akuti anayambira ku Blantyre, kuyenda khomo ndi khomo kufunsa za ana otsokomola. Anthu ankawaseka kuti mtsikana wophunzira akununkha utsi. Sanasiye. Atulutsa timapepala tiwiri tozungulira, kena koyera, kena kakuda ngati kunsi kwa poto. Kakudako kanangokhala m'khitchini, m'kamakina kokoka mpweya monga chimachitira chifuwa. "Mayi anga sanasutepo fodya," akutero, "koma mapapo awo anali ngati a wosuta."

Achoka Loweruka. M'mawa wa tsikulo, asananyamuke, adzakhala pasukulu, amene ali ndi funso abwere.

Funso ndili nalo: munthu ngati ine angayambire pati kuti adzagwire ntchito imeneyi? Koma ndimadzidziwa. Pamaso pa munthu wamkulu mawu amandithawa. Ndiye ndichita kafukufuku wangawanga, ndikawaonetse. Akaona ayamba okha kundifunsa, funso langa n'kulowera pomwepo.

Zofunika:
malaya anga akale a yunifomu
lezala
misomali
mafuta odzola a mlongo wanga Tamala (asadziwe)

Lachiwiri

Malaya ndadula tinsalu. Ndapaka mafuta kuti utsi uzikakamira. Ndapachika:
m'khitchini mwa Ama (mayi anga), pamwamba pa mafuwa
pa uvuni wowambira nsomba wa asibweni, alongo awo a Ama
pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu wa tala
kunyanja, pa bango, kutali ndi moto uliwonse

Kakunyanjako n'kofunika kwambiri. A Dokotala anati wofufuza ayenera kukhala ndi malo a mpweya wabwino oyerekezera nawo.

Poweruka ndikuwaona pakhomo lina. Ndaima kuseri kwa nthochi. Akhala pansi m'khitchini, pa dothi penipeni, pafupi ndi mayi amene akuphika. Utsi uli tolo. Misozi ikutsika, akupukuta ndi kuseri kwa dzanja, akupitiriza kufunsa. Makina anyamula okha. Dalaivala wawo ali mtulo m'galimoto.

Usiku Tamala akufuna kudziwa amene wakumba dzenje m'botolo lake. Ine ndikuwerenga Bayoloje.

Lachitatu

Kakumsewu kapita!

Ndakapeza posachedwa. Mnyamata wa kabaza akupukutira tcheni cha njinga. "Ndakatola pamtengo, kali kale ndi girisi. Pali anthu abwino padziko pano." Kada ndithu, koma si utsi wa magalimoto. Ndamusiyira.

Koma kam'khitchini, ha! Kayamba kale kuoneka ngati phulusa. Ndakayang'ana nthawi yaitali. Ama amakhala mmenemu m'mawa, masana ndi madzulo. Amatsokomola akamakoleza moto, ndipo ine ndimayesa kuti ndi mmene azimayi amakolezera moto.

Ama: "Kasanza kako kakutani pamwamba pa ndiwo zanga?"

Ndati ndi za kusukulu. Mawu amenewa pano amatsegula chitseko chilichonse.

Lachinayi

Kwa asibweni ndapeza msomali wokha.

"Iwe mphwanga, wapaka mafuta, wapachika pamene pakununkhira nsomba za batala, umati mphaka aziti bwanji? Apemphere?"

Mphakayo ndamuona. Ali bwinobwino, akunyambita mwendo. Kansalu kali kuseri kwa nkhuni, kotafunidwa, kongotsala ulusi.

Asibweni akuti a Dokotala anafika dzulo pa uvuni wawo. Ankayembekezera kudzudzulidwa, koma anangoona munthu akupinda malaya n'kuyamba kutembenuza nsomba. "Amadziwa, iwe! Sanathyole ngakhale imodzi." Kenaka anawafunsa kuti chifuwa chawo chinayamba liti, n'kuwalangiza kuti aziima kumene mphepo ikuchokera, komanso akapimitse. Asibweni, amene samvera ngakhale abusa, lero aima kumene mphepo ikuchokera.

Ndatsala ndi tiwiri, kam'khitchini ndi kakunyanja. N'tokwana. Kakuda ndi koyera, ngati mmene anationetsera. Ndayeserera kulankhula ndili ndekha m'munda wa chinangwa. Zikutuluka bwino.

Lachisanu

Nkhungu!

Chimtambo chakuda chadzuka pakati pa nyanja ngati kwapsa mudzi, mphepo n'kuchikankhira kumtunda kuno. Si utsi ayi, ndi nkhungu, tizilombo touluka ta m'nyanja, ndipo tili paliponse, m'maso, m'mphuno, m'makope. Azimayi akuthamanga ndi malichero onyowa, akupukusa m'mwamba kukola ndiwo. Ine ndikuthamangira ku bango.

Kansalu kanga ka mpweya wabwino sikakuonekanso nsalu. Kakhala chikondamoyo cha nkhungu, chakuda bii, chikugwedera chokha. Mayi wina wadutsa n'kunena kuti, "Nzeru zimenezo, mwanangu. Mawa upachike chinsalu chachikulu."

Ndabwerera ndikudzitonthoza kuti kam'khitchini kalipo.

Kalipodi. Kali pa chingwe. Kochapidwa ndi sopo, koyera mbee kuposa mmene malaya aja anayererapo ali atsopano.

Tamala waulula kuti ndikukaonetsa a Dokotala.

Ama: "Ukaonetse mlendo mwaye wa m'khitchini mwanga? Akanene ku Bandawe konse kuti ndine wauve? Tenga koyera, akaone kuti unachokera pakhomo pa anthu."

Akuti akasitanso.

Zotsatira za kafukufuku:
mpweya woipitsitsa, kunyanja
mpweya wabwino koposa, m'khitchini mwa Ama

Loweruka

Ndapita basi kusukulu kuja. Ndaima kumapeto kwa mzere kuti ena onse achoke. Ndayala tinsalu patebulo. Mawu onse ndinakonza m'chinangwa aja atsala m'chinangwa momwemo. Ndangoloza n'kuti, "Khitchini. Nyanja."

Ayang'ana. Ayandikiza maso pa kakudako. Kenaka aseka mpaka kuvula magalasi. Sakuseka ine ayi, ndikuona. Afunsa kuti wachapa ndani. Ndati Ama.

"Usadandaule. Ine pakhomo lina makina anga anandisungira kuchipinda, atawakulunga m'chitenje kuti asade ndi utsi. Ulemu wa kwathu wandiwonongera ntchito kambirimbiri." Kenaka: "Za malo oyerekezera wakuuza ndani?"

Ndati ndinamva Lolemba.

"Unamvetseradi. Tiye ukandionetse khitchiniyo."

Ndakwera galimoto yawo! Njira yonse funso lili pakhosi. Iwo akulankhula pa foni ndi anzawo a ntchito. Ndikuti ndifunsa tikafika.

Tafika. Ama atiwonera patali, ndipo pamene tikutsika moto azimitsa kale, akusesa phulusa. A Dokotala agwada, alonjera, alowa m'khitchini. Pansi sayang'anapo n'komwe. Ayang'ana kudenga, kumene tsache silifika. Ama nawonso ayang'ana. Akhala pansi awiriwo, ayamba kucheza.

Ndikuti ndikhale pakhomo, Ama: "Iwe, gwira tambala wofiira uja. Mlendo achoke chimanjamanja?"

Tambala ameneyo sanagwidwepo chibadwire. M'chinangwa. Kuseri kwa bafa. Pansi pa bwato la asibweni. M'chinangwanso. Nthawi yonseyi munthu wodziwa za mpweya kuposa aliyense amene ndidzamuone ali m'khitchini mwathu, akufotokoza zonse, ine ndili chafufumimba m'minga.

Ndabwera naye injini ikulira kale. Alandira tambala ndi manja awiri. "Ubwereze, wamva? Ukutire ndi kaneti ka udzudzu, nkhungu zisafike. Ntchito yathu yambiri ndi kubwereza." Andiyang'ana ngati akudikira kuti ndinene kanthu.

Ndati, "Muyende bwino."

Muyende bwino!

Lamulungu

Apita. Funso ndili nalo ndekha.

Ndafunsa Ama kuti anakambirana zotani. Akuti za azimayi. Ndafunsa ngati ananenapo za ine. Akuti inde, anati ndine wowonda.

Kubwereza sikutheka msanga. Malaya atha, Tamala mafuta akuyenda nawo, ndipo Ama akuti sanza lina likalowa m'khitchini mwawo ndidzadya lomwelo.

Koma pochokera kutchalitchi andiitanira kuseri kwa khitchini. Akufuna zenera, lalikulu, mbali ya kunyanja kumene mphepo imachokera. Nkhuni ndiziyanika kaye zisanalowe. Tamala azikhala ndi mwana wa azakhali amene timakhala naye, panja, pamene moto ukuyaka. Akuti akhala akuganiza zimenezi kuyambira kalekale, palibe wawauza.

Ndangovomera.

Lero ndi Sabata, sitigumula khoma. Ndajambula malo ake ndi khala. Ama abwera, ayang'ana, afufuta ndi chikhatho, ajambula lawo lokulirapo.

Mawa ndikaweruka ndikabwereke nyundo kwa asibweni.