Ndinanyamulira Chikwama Mbala Yaganyu

Mpaka lero ndikamadutsa pa mageti agalasi a kuntchito kwathu mtima umandiwawa, ndipo amene ndimawakwiyira kwambiri si abwana anga ayi, koma amayi ondibereka. Iwowa ndi amene anandilera chonchi.

Ndimagwira ntchito ku banki ina yaikulu kuno ku London, pa dongosolo lija loti masiku anayi uli mu ofesi, Lachisanu uli m'kalasi, banki n'kumakulipirira digiri. Kwa ine, mwana wa mayi wosamalira odwala pa chipatala cha ku Romford, umenewu unali mwayi wosaphethira. Koma miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira amakhala akukuyesa. Ukalakwitsa chachikulu ntchito yatha, digiri nayo yapita. Amayi n'kuti atalengeza kale kutchalitchi, mpingo wonse ukumva, kuti mwana wawo wamkazi ndi wa ku banki.

Sabata yoyamba anatiphunzitsa malamulo, ndipo limene analibwereza mpaka kutigonthetsa m'kutu linali lakuti aliyense azilowa ndi khadi lake. Usatsegulire munthu geti, kaya akhale ndani. Mayeso ake ndinalemba pa kompyuta n'kukhoza onse (ndikunena izi kuti musandiyese mbuli, lamulolo ndinkalidziwa).

Ndiye Lachiwiri lina m'mwezi wanga wachinayi pantchitopo, nditatsika sitima ndili wefuwefu, ndinapeza bambo wina wachikulire ataima pambali pa geti. Imvi mbuu, jekete lositidwa bwino, chikwama cholemera kudzanja, kwinaku akupapasa m'matumba. Anthu ankangowalambalala ngati chitsa. Ine ndinachepetsa liwiro, ndipo tsoka langa linayambira pomwepo. Anawerenga dzina pa khadi limene ndinakoleka m'khosi, nkhope yawo n'kuwala.

"Iwe mwana wanga, zina iyi ni ya kwatu. Ndiwe wa kuti?"

Chinyanja cha ku Chipata, abale, pakati pa masuti ndi magalasi! Miyezi yonseyi ndinali ndisanamvepo liwu la kwathu m'nyumba imeneyo. Ndinangozindikira mawondo apinda okha. Nditawauza kuti amayi kwawo ndi ku Mchinji, anati ndiye kuti ndife amodzi, malire aja anajambula ndi atsamunda. Dzina lawo anati ndi a Tembo, amakonza makompyuta pa nsanja yachisanu ndi chiwiri, khadi aliiwala m'jekete lina ku Croydon, ndipo msonkhano wawo ukuyamba naini koloko.

Mutu wanga unkalikumbuka lamulo bwinobwino. Koma bambo wa imvi amene wangokutchula kuti mwana wake ungamuuze bwanji kuti akalembetse kwa alonda? Pakamwa panga panakana. Ndinagunditsa khadi langa, geti n'kutseguka, ine n'kuwauza kuti atsogole.

Zikanathera pamenepo bwenzi mlandu uli waung'ono. Koma ayi. Ndinawalandira chikwama, ndi manja awiri, poti kwathu mwana sayenda chimanjamanja wamkulu atasenza katundu. Mu lifiti ndinawadinira batani. Titafika pamwamba panali chitseko china chofunanso khadi, ndinatsegula. Ndinawapezera desiki yopanda munthu pafupi ndi soketi, chifukwa anati laputopu yawo yatha moto. Kenako ndinawafunsa ngati amamwa tiyi wamkaka (eya, ndinakawapangira, shuga masupuni awiri). Ndinapita pa desiki yanga ndikudzimva kuti tsiku ndaliyamba ndi madalitso.

Lachinayi abwana anga, mayi wina dzina lake Helen, anandiitanira m'kachipinda ka misonkhano. Ndinapezamo mkulu wa zachitetezo, ndi a Tembo atakhala phee, khadi la alendo lili m'khosi. M'pamene ndinamva kuti banki imalemba ganyu kampani ina kuti izitumiza anthu onamizira kuba, n'cholinga choona ngati angathe kulowa. Ntchito ya a Tembo ndi imeneyo. M'chikwama chimene ndinanyamula chija munali kachipangizo kolumikiza ku makompyuta athu, ndipo analumikizadi, uku akupsontha tiyi wanga.

Anandionetsa kanema wa makamera a pakhomo. Palibe chochititsa manyazi ngati kudziona ukupinda mawondo pa TV yaikulu abwana ako akuonerera. Mkulu wa zachitetezo uja anaimitsa kanemayo pamene ndinkalandira chikwama, n'kufunsa ngati bambowo anandiopseza. Ndinati ayi. Kapena anandilonjeza kanthu? Ayi. Nanga ndinachitiranji? Ndinayesa kufotokoza m'Chingerezi kuti kwathu munthu wachikulire sakanizidwa, koma mawuwo potuluka ankamveka opepera ngakhale kwa ine mwini wake. M'mutu mwanga ndinkangoona amayi atakhala pa benchi ya kutchalitchi, azimayi anzawo akuwafunsa kuti wa ku banki uja bwanji sakuonekanso m'sitima.

Anakambirana ndili panja, mphindi zimene zinandithetsa mafuta m'thupi. Chigamulo chinali kalata yochenjeza, kubwereza maphunziro onse a zachitetezo, ndi miyezi ina itatu yoyesedwa. Helen anandiuza mosapita m'mbali kuti ndikadzalakwanso, ngakhale pang'ono, sadzatha kundiikira kumbuyo.

A Tembo ndinawapeza akudikira lifiti. Ndinali nditapsa mtima zenizeni, ndipo ndinawauza kuti zimene anachita si zabwino, kutchera msampha mwana wa kwawo ndi chiyankhulo cha makolo.

"Pepa mwana wanga, ni nchito," anatero. "Siku ija ninayesa bantu bambili, bonse bananikana. Pamene ninaona zina yako ninaziba ati apa nangena. Banakulela bwino, ndiye problem yako."

Ndinkafuna kuwayankha mawu oti akawakumbukire mpaka ku Croydon. Koma atatambasula dzanja kuti atsanzike, dzanja langa lamanzere linapita lokha kukagwirira chigongono.

Kunyumba ndinawafotokozera amayi zonse, ndikuyembekeza kuti mwina apepesa. Anamvetsera mpaka kumapeto, akuvula nsapato za kuntchito.

"Nanga ukanatani? Ukanawasiya panja bambo a eni ake?"

Ndinabwereza kuti munthuyo anabwera kudzaba, ngakhale kunali kuba kwa ganyu.

"Zakubazo ndi za iwo ndi Mulungu wawo," anatero amayi. "Iwe mbali yako unachita bwino."

Ndiye kaya ndaphunzirapo chiyani. Masiku ano ndikaona munthu wa imvi akupapasa m'matumba pa geti, sindimutsegulira. Kumukaniza nakonso sindikutha, pakamwa paja mpaka pano sipanaphunzire. Ndimangobwerera panja n'kukaima kuseri kwa shopu ya khofi, kudikira kuti wina wopanda mwambo amukanize. Mwezi uno ndachedwa kawiri, ndipo Helen wayamba kulemba nthawi imene ndimafika.