A Tibwereze ndi Tsamba Lomaliza

Mu Lilongwe monse munalibe munthu amene anamalizapo nyimbo pamaso pa a Paxton Chikaonda. Tisanene za nyimbo, ngakhale moni weniweniyu. Ukati, "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?" iwo ankapendeketsa mutu n'kukweza chala: "'Bwanji' wanuyo watsetsereka. Tibwereze." Ndipo munthu wamkulu, wandevu zako, unkabwerezadi moniyo pakati pa msika wa Area 1, ogulitsa tomato akuseka chikhakhali. N'chifukwa chake dzina la Chikaonda linatsala m'makalata a boma okha. Tonse tinkawatcha a Tibwereze.

Koma musawaderere, luso anali nalo. Anakaphunzira nyimbo ku Ulaya zaka zisanu ndi chimodzi, n'kubwerako akudziwa limba, vayolini ndi kuwerenga timadontho takuda ta nyimbo tija ngati nyuzipepala. Ku Zomba ankaimba limba Lamlungu, kuphunzitsa ana asukulu mkati mwa sabata, Loweruka n'kutsogolera kwaya ya ogwira ntchito m'boma. Chinawakanika n'kukhala pansi. Tiyi ankamwa chiimirire, m'basi ankakana mpando, ndipo kandodo kawo kotsogolera kwaya ankakagwedeza ngakhale popempha mchere.

Likulu litayamba kusamukira ku Lilongwe, boma silinawafunse nzeru a Tibwereze. Maunduna ankabwera umodziumodzi. Atsikana otayipa makalata, amene anali masopulano ndi maaluto a kwaya ija, anafika ku Capital Hill msanga, koma mabesi onse, madoda a mawu akuluakulu aja, anatsala ku Zomba kudikira kuti maofesi awo afoleredwe. A Tibwereze, amene nawonso anali atasamukira ku Lilongwe, tulo analibe. Anayamba kuzungulira pa njinga m'malo omanga, fumbi lofiira lili kobo, kumvetsera amuna akamakuwa.

Lemson Zikhale anamupeza ku Area 10. Lemson anali bambo wa ana anayi wa kumudzi cha ku Chitedze, mlonda wa masana pageti la kazembe wina. Tsikulo mbuzi zinalowa m'maluwa, iye n'kukuwa, "Chokaaa!"

A Tibwereze anatsika njinga isanaime.

"Bambo, tabwerezani!"

"Zathawa kale, bwana."

"Sindikunena mbuzi. Mawuwo!"

"Choka," anatero Lemson mwamanyazi.

"Ayi, ngati muja. Achokere m'mimba!"

"CHOKAAA!"

Mkazi wa kazembe, amene ankangotuluka kumene m'nyumba, anabwerera n'kutseka chitseko.

Umu ndi mmene Lemson analowera kwaya. Ankakumana Loweruka masana m'holo ya tchalitchi china ku Old Town, kukonzekera nyimbo ya masamba khumi ndi awiri imene anapeka Mjeremani wina wamakedzana, koma mawu a Chichewa anaikamo okha a Tibwereze. Pa tsamba lomaliza kwaya yonse imati zii, munthu mmodzi wa besi n'kuimba yekha: "Ulendo watha, tafika, tipumule." Mzere umenewo anaupereka kwa Lemson, n'kumuchenjeza: "Osauimba kwina kulikonse lisanafike tsiku lake. Chimenechi ndi chimanga chambewu, sitikazinga."

Lemson anauloweza sabata imodzi. Vuto linali kufikako. Pa tsamba lachitatu matena ankathamanga, kandodo go go go, tibwereze. Pa lachisanu ndi chiwiri Jenifa, mkulu wa masopulano, ankapuma pakati pa liwu, tibwereze. Tsiku lina anafika ndithu tsamba lakhumi, koma panja panalira makina osakaniza simenti, ndipo aphunzitsi anatuluka liwiro kukauza woyendetsa kuti makina ake akuimba motsika. Pobwerako anayambira tsamba loyamba.

Chaka chinatha. Marcelina, mkazi wa Lemson, sanali munthu womupusitsa.

"Bambo a Efelo, Loweruka lililonse malaya ositasita, ulendo kutauni. Taimbani timve zimene mumaimbazo."

"Analetsa aphunzitsi. Komanso mbali yanga ili kumapeto, sitinafikeko."

"Chaka chathunthu? Kwaya yanuyo dzina lake ndani, nanga kwawo n'kuti?"

Mawu amenewo anamulasa mtima Lemson. M'mudzi inawanda mbiri yoti ali ndi mkazi wina kutauni, ndipo akulu a mpingo anayamba kumuyang'ana cham'mbali. Chomuyeretsa chinali chimodzi chokha: mzere uja umveke pagulu, Marcelina ali pomwepo.

Mwayi unabwera tsiku lotsegulira holo yatsopano ku City Centre, utoto usanaume n'komwe. Kutsogolo kunakhala akazembe ndi mabwana a ku Capital Hill, kumbuyo Marcelina, duku latsopano kumutu, manja atapinda pachifuwa. A Tibwereze anayamba okha ndi vayolini. Apa tisaname, anaimba. Lemson, amene ankati vayolini ndi kaligo wa azungu chabe, anapukuta misozi ndi kolala.

Kenaka kwaya inaimirira. Tsamba lachitatu linadutsa, lachisanu ndi chiwiri linadutsa, lakhumi, lakhumi ndi chimodzi! Lemson anakoka mpweya. Pomwepo bwana wina wa kutsogolo anayetsemula. Masopulano anadzidzimuka, liwu n'kutsetsereka, ndipo kandodo kanagogoda patebulo.

"Tibwereze."

Pamaso pa akazembe, anthu inu! Anayambiranso poyamba. Atafika tsamba lachisanu, basi ya ogwira ntchito m'boma inaliza hutala panja, pakuti faifi koloko inali itakwana, ndipo masiku amenewo ukaiphonya unkayenda wapansi mpaka ku Old Town. Theka la holo linanyamuka, maaluto pambuyo pawo.

Marcelina anamudikira mwamuna wake pakhomo. "Ndakuonani, bambo a Efelo. Kuimirira mumatha."

Lolemba lake a Tibwereze akudutsa pageti paja, Lemson anagwira chiwongolero cha njinga yawo, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Aphunzitsi, banja langa likutha chifukwa cha mzere umodzi. Ndidzaimba liti?"

A Tibwereze anatsika njinga. Kenaka analoza ndi kandodo kutsidya: misewu yothera m'tchire, makoma opanda madenga, malole odzaza mipando ya ku Zomba.

"A Zikhale, mzere wanuwo ukuti tafika, tipumule. Inuyo mukuona ngati tafika? Ine ndinapita ku Ulaya, ndinakhala ku Zomba, lero ndili kuno, koma sindinamvepo mumtima kuti ndafika. Ndikayandikira tsamba limenelo dzanja limakana lokha." Anadzidzimuka ngati munthu woulula chinsinsi, n'kukwera njinga. "Loweruka thu koloko. Osachedwa!"

Loweruka limenelo aphunzitsi anabwera akutsokomola. Lotsatira sanabwere. Chifuwa chinawagoneka masabata atatu m'nyengo yozizira, ndipo anamwino ankati mpaka tsiku lomaliza chala chawo chinali kugunda pabulangete.

Pamaliro, Jenifa ndiye anatenga kandodo. Mabesi a ku Zomba, amene anali atangosamuka kumene, anaima kumbuyo, koma palibe anayerekeza kupempha mzere wa Lemson. Marcelina anali m'gulu la amayi, pakuti maliro sakana munthu. Pa tsamba lachitatu matena anathamanga monga mwa nthawi zonse, kwaya yonse n'kukweza mapewa kudikira kugogoda kuja. Sikunabwere. Pa lachisanu ndi chiwiri Jenifa anapuma pakati pa liwu chifukwa cholira, ndipo panalibe womudzudzula. Tsamba lakhumi ndi chimodzi litatha, kunati zii. Lemson anayang'ana bokosi, theka la mtima wake likupempha kuti amuimitse. Kenaka anatsegula pakamwa, mawu n'kuchokera m'mimba: "Ulendo watha, tafika, tipumule."

Anthu anaima nthawi yaitali, osadziwa chimene munthu amachita nyimbo ikatha.

Kuyambira pamenepo moni mu Lilongwe amangodutsa wopindikapindika, wowongola palibe. Makina a simenti anaimba motsika mpaka nyumba zonse zinafoleredwa, osatulukira munthu wowakalipira. Kwaya ija inapitirira, nyimbo n'kumatha nthawi yake, anthu n'kumapeza basi. Koma Loweruka linafupika, ndipo tinawasowa a Tibwereze, tinawasowa kwambiri.

Tsiku lamalirolo, pobwerera kumudzi, Marcelina anakhala pakaliyala ya njinga. Atafika pamlatho wa Lilongwe anakoka malaya a mwamuna wake.

"Bambo a Efelo."

"Ee, mayi."

"Tibwereze."

Lemson anaimitsa njinga pomwepo, malole a simenti akudutsa, n'kumuimbira mkazi wake mzere uja mpaka kumapeto.