Moni wa Che Saidi unapsereza ampulifaya

Tyaa. Tyaa. Kaphokoso kameneko ndikakamva, thukuta limandituluka mpaka lero. Kabokosi koyesera magetsi pa shopu yathu ku Balaka kankalira choncho mphamvu ikakwera.

Lachinayi lina, Che Saidi, amene amaitana anthu ku swala pa mzikiti wina ku Kalembo, anabweretsa ampulifaya ya chimkuzamawu chawo. Ankaifuna pa Ijuma, mapemphero a Lachisanu. Nditaikonza, ndinafuna kuiyesa mwaukatswiri. Ndinalumikiza kabokosi kaja ku ampulifaya ndi ku kompyuta, n'kulemba kapulogalamu: uyambe pa 1, uzikweza mavoliti awiriawiri, ukafika pa 12 uime. (Amene mwaona kale vutoli, munali kuti tsiku limenelo?)

Nditangodina batani, Che Saidi analowa kudzaitenga, n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Mwaswera bwanji, baba? Agogo ali bwanji?"

"Ali bwino." Tyaa. 5.

Makolo anga atamwalira ndinaleredwa ndi agogo, ndipo lamulo lawo linali limodzi: wamkulu akakugwira dzanja, amasiya ndi iyeyo. Sumudula mawu.

"Nanga mwendo wawo uja?"

"Ukupola." Tyaa. 9.

Maso anga anali pa kompyuta, kuseri kwa phewa lawo. Panabwera 11. Ndinapuma. Kenako 13. Apo m'pamene ndinazindikira kuti woyenda 1, 3, 5 saponda pa 12. Kompyuta inkafunafunabe 12 wakeyo, ikulowera kumwamba. (Nayonso inaleredwa bwino, siifunsa.)

"Mvula kuno yagwa?"

"Iyayi." Tyaa. 17.

Ndinayesa kukoka dzanja pang'ono. Iwo anaona ngati ndi chikondi, anafinya kwambiri, n'kuyamba kundipempherera dua. Ndani angadule dua? Ndinangoti amina pa 21, amina pa 23.

Phuu! Utsi.

"Kukupsa chiyani?"

"Ampulifaya yanu, bambo."

"Mumaona?"

"Eya."

"Nanga bwanji osanena?"

"Mumalankhula."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana utsiwo.

"Ulemu wanuwu, mawa undiphulitsa kukhosi. Mudzi wonse ndiuitane ndi pakamwa?"

Ndinafuna kupepesa, koma ndinadikira kaye kuti amalize. Anapisa m'thumba la mkanjo, natulutsa maikolofoni, nandipatsa ndi manja awiri.

"Isungeni. Ikhale pa maliro a mnzake."

Anatuluka akukhosomola, kuyesa mawu.