Goloboyi wa ku Japan Atabereka Lonjezo

Usiku wathawu ndinalota zoopsa, amwali. Tsitsani kaye ndowazo, madzi sanayambe kutuluka.

Olakwa ndi bambo a Lonjezo. Munthu wamkulu kumadya ndi dzanja limodzi, linalo lili pafoni, ati akuonera goloboyi wa ku Japan wogwira mpira ngati wapaka ulimbo. Ndiye ine pokagona zinanditsatira.

Ndinapezeka ndili pamzere wa sikelo, Lonjezo ali kumbuyo. Koma sikelo yake anaipachika pagolo, m'bwalo la mpira lalikulu, anthu ali mbwee mpaka kumitambo. Ndiye pambali panga panali benchi, pabenchipo patakhala bambo wina wamtali, manja ngati malichero. Anaimirira n'kundiweramira mpaka chipumi kugunda mawondo.

"Awa ndi a Nakazono, goloboyi," inatero benchi. Benchi, amwali, kuyankhula! "Andikhalira zaka khumi ndi chimodzi. Taonani mmene ndinapindikira msana."

"Osasewerako?" ndinafunsa.

"Onani buku lawo la sikelo."

Ndiye ndinatsegula. Chaka choyamba, benchi. Chachiwiri, benchi. Chachitatu anawabwereketsa ku timu ina ngati mmene timabwerekanirana sefa, kumenekonso benchi. Atawalowetsa kamodzi, phewa linaguluka asanagwire n'komwe mpira. Mzere uja umakwera mwana akamakula bwino, wawo unangogona chonchi. Ndinati, "Akanakhala mwana, awa akanawalembera chiponde."

Mwadzidzidzi kochi wovala jekete anakuwa, "Nakazono, lero ndi lero, lowa!" Akukuwa choncho milomo inatalika, n'kusanduka bakha, jekete ili pomwepo. Nthawi yomweyo chitenje changa chinamasuka, Lonjezo n'kuyamba kutsetsereka. Ndinaganiza kuti manja osagwetsa chinthu ndi amenewa. Ndinati, "Bambo, tandigwirirani mwanayu ndimange bwino."

Anamulandira ndi manja awiri, n'kumufumbata pachifuwa, n'kuthamanga naye kugolo!

"Mayi, mwalakwitsa," anandiuza magolovesi awo, akutembenuza zala kundiyang'ana. "Ife tikagwira chinthu sitisunga. Timachinjanjitsa pansi kawiri, kenako abwana amachimenya theche mpaka pakati pa bwalo."

"Chinthu? Mwana wanga chinthu?"

Ndiye woyimbira mpira anabwera, kabudula wakuda, wezulo kukamwa. Ndikumuyang'ana chonchi anamera nyanga ndi ndevu, n'kukhala mbuzi yeniyeni. Inauza a Nakazono kuti, "Ndikafika eyiti mwanayo akadali m'manja, ukubwerera pabenchi mpaka imfa. Wani! Thuu!" Ikuwerengatu ndi ziboda.

Ndinati ndithamange, miyendo inamira ngati ndili m'dambo. A Nakazono misozi ili chuchuchu, mwendo wakumanja wayamba kale kubwerera m'mbuyo.

"Mayi, ndikhululukireni. Zaka khumi ndi chimodzi ndikudikira!"

"Ine miyezi naini, n'kukathera kumpeni! Mungoyerekeza!"

"Faifi!" inatero mbuzi.

Ndiye ndinakulunga chitenje chija n'kuwaponyera. "Berekani! Weramani, kuwerama mumadziwa kale. Mwana pamsana, nsalu idutse m'khwapa, mangani pachifuwa!"

Anachitadi. Mbuzi ikamati seveni, manja anali mbee, Lonjezo ali phee kumbuyo akuyamwa kolala ya yunifolomu. Mbuzi ija chifukwa cha manyazi inatafuna khadi lofiira. Bwalo lonse linaimirira n'kundiweramira, ine n'kupuma.

Mwadzidzidzi wezulo: penate! Mpira unadziika wokha pamalo, n'kutsokomola, n'kunena mwaulemu, "Pepani, ine ndipita kumanzere."

A Nakazono anapinda mawondo, n'kutambasula manja. Apo m'pamene ndinakumbukira zomwe ndinaona pafoni ija: anthu awa amadziponya pansi ngati thumba la chimanga. Ndipo ndine ndemwe ndawamangirira mwana pamsana!

"Musadziponye!"

"Ntchito yake ndi yomweyo, mayi."

"Ulekeni ulowe! Ndi chikopa chabe chimenecho!"

"Ndani chikopa?" unatero mpira, n'kunyamuka wokha, wopanda woumenya.

A Nakazono anauluka. Ndiye ndinaona mfundo ija: anamanga ngati chingwe cha nsapato, timaluwa tiwiri! Inangoti pulu. Iwo kumanzere ndi mpira wawo, Lonjezo kumanja, mutu kunsi, akuseka. Benchi inakuwa, bakha anakuwa, dambo lija linandisiya miyendo, ine n'kudziponya thupi lonse, dzanja patsogolo.

Kwee, kwee, kwee.

Tsache la mayi a landilodi, akusesa pansi pa windo lathu. Kunja kwayera. Ine theka la thupi lili kunja kwa bedi, chigongono chasupuka pasimenti, m'dzanja ndagwira mwendo wa Lonjezo. Anakwawa n'kundidutsa ndili m'tulo, mutu unali utalendewera kale, n'kumasekadi. Bambo ake ali lizulizu mkonono kukhoma, foni pachifuwa.

Bedi ndaliimika kale, kuyambira lero tigona pamphasa. Bambo ake akafunsa, ndiwauza kuti goloboyi wa nyumba ino watero.