Kadontho ka pa Dona

Inu, sendezani mpando kuno, mowawo sukuthawa. Mwafunsa chifukwa chake Ejnar Thygesen masiku ano akangomva fungo la tchizi amadzuka n'kutuluka, ndiye ndikuuzani, poti ine ndinalipo. Sindinaone kanthu, monga mwa masiku onse, koma ndinamva zonse ndi kununkhiza zonse.

Ku kalabu yathu ya osaona kuno ku Aalborg, Ejnar ndiye anali mlangizi wa makompyuta. Si ntchito ya malipiro ayi, koma mpando umenewu munthuyo ankaukonda kuposa chakudya. Foni ikalira, wina akudandaula kuti pulogalamu yowerenga yavuta, ija imene imatilankhulira zonse za pa kompyuta, imene ikangoti zii nafenso tathera pomwepo, Ejnar ankayamba watsokomola ngati dokotala, kenako n'kufunsa funso lake lomwe lija: "Uli pa nambala chani?"

Ulaliki wake unali umodzi, nambala seveni. "Pulogalamu yowerenga inafika pachimake pa mtundu wa seveni," ankatero. "Zobwera pambuyo zonse ndi ana osaleredwa. Ikakupempha kuti ulandire mtundu watsopano, kana. Ikapemphanso, kananso." Ndipo ife tinkakanadi, inu. Theka la kalabu linakhala pa seveni ngati nkhuku pa mazira. Za kubanki zinayamba kutivuta, kugula tikiti ya sitima kunasanduka nkhondo, koma ukadandaula Ejnar ankangoti, "Ndi zala zakozo zakalamba. Kwanga pa seveni zonse zikuyenda myaa."

Ukatswiri wake wonse unali pa malaputopu awiri amene anagula tsiku limodzi atatsitsidwa mtengo, ofanana ngati mapasa, mawu ofanana, zamkati zofanana. Imodzi anaitcha Dona. Dona ndiye anali pa seveni, wosalandira chatsopano chilichonse, ankagona pashelefu m'kathumba ka ubweya, ndipo m'mawa uliwonse Ejnar ankamusisita pamsana n'kumufunsa ngati wagona bwino. Inayo inali Kapolo. Kapolo ankagona pansi pafupi ndi galu, ndipo chatsopano chilichonse chikabwera Ejnar ankangomukankhira, osamvera n'komwe nambala yake, kuti apeze chotukwana Lachinayi ku kalabu. Ankawasiyanitsa ndi kadontho kamodzi ka labala, konga tija timamata pa mabatani a chophikira kuti tiziwazindikira ndi chala, kamene kanali pa chivundikiro cha Dona.

Mkazi wake Bodil, wosaona mnzathu, munthu wa mawu ochepa koma obaya, ankamva moni wa m'mawawo ali kukhitchini.

"Zaka makumi atatu ndili nawe," ankatero, "sunandifunsepo ngati ndagona bwino."

"Iwe ukagona moipa umanena wekha."

Ndiye kunali Preben, wokonza mapiyano, munthu amene mtundu watsopano ukatuluka m'mawa, masana ali nawo kale. Mpando wa Ejnar ankaufuna, sankabisa. Lachinayi lina tikumwa khofi, Ejnar ali mkati molalikira kuti mawu a Dona ndi ofunda, a Kapolo ndi ozizira ngati a wapolisi, Preben anaika kapu yake pansi.

"Akatswiri, mawuwo ndi amodzi. Ine ntchito yanga ndi makutu."

"Makutu a piyano. Ine Dona ndingamuzindikire pakati pa makompyuta zana."

"Awiri okha akukwana. Ubwere nawo sabata yamawa, Tove achotse kadonthoko, utiuze Dona ndi uti. Ukalephera, mpando ndi wanga."

"Ndi keke," anatero Tove, wapampando wathu, amene pa nkhani ya keke sagona. Mukudziwa inu, wachita zopusa pagulu amagula keke ya chitsiru.

Ejnar anavomera ndi mawu akulu. Paja akuti Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

M'mawa wa tsikulo anati ayesere kaye yekha. Anaika awiriwo patebulo, n'kuwazunguza atavala magolovesi ophikira kuti asakhudze kadontho, n'kutchera khutu. Uyu akulankhula, uyu akulankhula. Anatcheranso khutu linalo. Inu, kunalibe kufunda, kunalibe wapolisi, kunali munthu mmodzi wolankhula pawiri. Ejnar anachita mantha enieni, chifukwa munthu amene foni yake yasiya kulira ndi munthu wa mtundu wanji?

Apa ndi pamene nzeru inamufikira. Pakhonde pawo pankakhala tchizi chakale chimene mchimwene wake amamutumizira, chija Bodil analamula kuti chizikhala m'botolo, botololo m'botolo linzake, zonsezo panja. Ejnar anatapa ndi chala n'kupaka pamimba pa Dona, pafupi ndi potulukira mpweya, nati khutu likalephera mphuno igwira. Atatero anatenga Dona ndi Kapolo n'kuwalonga m'chikwama chimodzi, mimba ndi mimba, poti chikwama chachiwiri anakana kugula.

Akuti tsoka silinunkha. Limeneli linanunkha.

Inali February, m'basi atatsegula zotenthetsera mpaka kumapeto. Asanapite patali, anthu amene anakhala pafupi anayamba kukumbukira kuti kutsogolo kuli mipando yabwino. Basse, galu womutsogolera, galu wophunzira kuposa ena a ife, anaiwala sukulu yonse n'kulowetsa mutu m'chikwama mpaka m'makutu.

"Bambo," anatero mayi wina mwaulemu, "ndikuganiza kuti galu wanu sakupeza bwino."

"Ejnar," anatero Bodil, "n'chiyani chafa?"

"Ndi ngalande za mumzinda muno."

"Ngalandezo zakwera nafe basi?"

Polimbana ndi galu sanamve basi ikulengeza potsikira, ndipo anakatsika kutsidya kwa mlatho. Anabwerera wapansi pa mvula ya madzi oundana, Bodil patsogolo ndi ndodo yake, Ejnar pambuyo atakumbatira chikwama, Basse akuyenda cham'mbali ngati nkhanu, mphuno ili pa zipi.

Atalowa mu holo macheza onse anaima.

"Ndani wavula nsapato?" anafunsa Tove.

Aliyense anagwira mapazi ake. Ine ndinagwiranso a mnzanga woyandikana naye, kuti nditsimikize. Tinatsegula mawindo, m'February, n'kukhala pansi titavala majekete, kumwa khofi ngati anthu odikira sitima.

Tove anatenga malaputopu awiriwo, anamatula kadontho n'kupatsa Bodil kuti asunge, n'kuwasinthanitsa patebulo iye yekha akudziwa kuti uti ndi uti. Kenako anapita kukasamba m'manja, ndipo anachedwako. Atabwera anati, "Tiye, mlangizi."

Ejnar anawerama pa wakumanzere. Tinamva fwe, fwe. Anawerama pa wakumanja. Fwe, fwe, fwe. Onse awiri ankanunkha mofanana, inu, ngati anabadwira m'botolo limodzi, ndipo pamene panali chizindikiro chenicheni Basse anali atanyambitapo kale mbee.

"Kodi akatswiri," anatero Preben, "mukumvera ndi khutu kapena ndi mphuno?"

"Katswiri amagwiritsa mutu wonse."

"Ndiye fulumirani, mutu wanga ine wayamba kuwawa."

Thukuta linamutsika Ejnar ngakhale mphepo inkalowa pawindo. Anauza wakumanzere kuti awerenge mzere umodzi, wakumanja mzere womwewo. Anapempherera mumtima, munthu amene kutchalitchi amangopita pa Khirisimasi, kenako anaika dzanja pa wakumanzere n'kunena kuti, "Dona wanga ndi uyu."

Tove anapapasa chivundikiro chake. "Ndi pamenepo pamene ndamatula kadontho," anatero.

Aaa, inu, chisangalalo chimenecho. Ejnar anadumpha, anagunda tebulo, makapu analira, shuga anamwazika, Basse anauwa koyamba chimalizireni sukulu. Munthu wamkulu wa ndevu anagwira Tove n'kuvina naye, anagwira ine n'kundipsompsona pa dazi akuganiza kuti ndine Bodil. Ife a nambala seveni tinaomba m'manja mpaka kutenthedwa. Preben anatulutsa mpweya wautali n'kuyamba kufunsa kuti anthu amakonda keke ya kirimu kapena ya maapulo.

Pamenepo akanangotenga chikwama chake n'kumapita, lero ndikanakhala ndilibe nkhani. Koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Usafulumire, Preben," anatero Ejnar. "Ndikufuna umve wekha kuchokera pakamwa pa Dona."

Dziwani kuti Ejnar anali asanamufunse Dona nambala kwa zaka, chifukwa pamene pulogalamu imanenera nambala yake, batani lolandirira zatsopano lili pafupi pomwepo, ndipo Ejnar ankaopa kuti chala chingaterereke. Koma tsiku limenelo anali mfumu. Anakweza mawu mpaka pamwamba, anachepetsa liwiro kuti ngakhale a makutu a piyano amve, n'kudina.

"Mtundu thwelofu," inatero laputopu, mwaulemu, pang'onopang'ono.

Mu holo munamveka Basse yekha akunyambita milomo.

"Tove wasokoneza," anatero Ejnar. "Dona ndi winayu. Ndinali kukuyesani." Anapapasa wakumanja n'kudina.

"Mtundu fifitini."

Anadinanso uku, thwelofu. Anadinanso uko, fifitini. Anasuzumira ndi dzanja m'chikwama ngati mwina muli wachitatu. Seveni kunalibe, inu, m'chikwama munalibe, pansi pa tebulo panalibe.

Ndiye tinamva kapu ikuikidwa pa sosala pang'onopang'ono, ndipo Bodil anati, "Kodi kadontho aka n'kofunika chonchi?"

"Bodil, ukutanthauza chiyani?"

"Ukukumbuka nyengo yozizira ya chaka cha dzana ija, unakalipira Basse tsiku lonse kuti wagwetsa Dona pashelefu n'kumukokera pogona pake?"

"Anamugwetsa. Ndinamupeza pansi ndekha."

"Sanagwetse kanthu galu wosalakwayo. Kadonthoka kanamatuka, ndinakapeza kunsi kwa silipasi yanga. Ndinati ndikabwezere, ndipo imene ndinayamba kuikhudza ndi imene inali pansiyo. Ndinaimveranso chisoni."

Taonani mmene zinakhalira. Tsiku limenelo Ejnar anatola Kapolo, amene anali atameza kale zatsopano mpaka thwelofu, n'kumupukuta, kumupepesa, kumugoneka mu ubweya. Dona weniweni, amene tsopano analibe kadontho, anamutsitsa yekha pashelefu akudabwa kuti wakwera bwanji, n'kumuponya kwa galu, ndipo kwa zaka ziwiri wakhala akumudyetsa ndi manja ake chatsopano chilichonse, akumutukwana Lachinayi lililonse. Seveni anamupha mwini wake.

Woyamba kumvetsa anali Tove, ndipo mawu ake anatsika. "Ndiye pamene unkati kwako pa seveni zikuyenda myaa, unali pa thwelofu?"

"Zikuoneka ngati..."

"Ine ndakhala ndikuyenda wapansi kupita kubanki pa chipale chofewa, ndi bondo ili, chifukwa zala zanga zakalamba?"

Phokoso limene linabuka pamenepo sindingalifotokoze. Wina anati anaphonya ukwati wa mdzukulu wake chifukwa tikiti inakana. Ine ndinakumbukira ndevu zija pa dazi langa n'kukwiya kawiri. Preben ankangoseka mpaka chifuwa chinamugwira, tinachita kumumwetsa madzi. Tove anagogoda supuni n'kugamula kuti Ejnar walozadi bwino kadontho koma walephera kuloza Dona, choncho mpando ndi wa Preben, ndipo keke ikhale ya kirimu, yaikulu, yogula tsiku lomwelo.

Ejnar anakhala pansi, anakoka wakumanja uja, wa fifitini, n'kumusisita pamsana mwakachetechete. Kunena zoona ndinamumvera chisoni, chifukwa foni yake inali itasiya kulira, ndipo iye ankadziwa.

Tikuvala zipewa, anatambasula dzanja kwa mkazi wake. "Bodil, ndipatse kadontho kanga."

"Ukamate pa uti?"

Ejnar anapapasa wakumanzere, kenako wakumanja.

"Ndamva ndi makutu anga lero," anatero Bodil, "kuti chilichonse chimene chavala kadontho aka, ngakhale chogona ndi galu, chimafunditsidwa ubweya n'kufunsidwa ngati chagona bwino. Bwera, ukhudze apa."

Ejnar anapapasa nkhope ya mkazi wake, ndipo anakapeza pamphumi, pakati penipeni.

Keke tinadya, inali yabwino. Koma mukadzafika kwa a Thygesen m'mawa musadzadabwe kupeza mlangizi wopuma akuyenda pang'onopang'ono ndi thireyi ya khofi kulowera kuchipinda. Bodil akuti kadonthoko kakamatuka ali ndi paketi yonse m'kabati.